Khwangwala ndi Bini Yoimba

Padangokhala, ndipo amene muli nane vomerani kuti tili tonse, mzinda wina wa nyama zokhazokha. Meya wa mzindawo adali Mvuu, mlembi wa khonsolo adali Mleme, ndipo wotola zinyalala adali Bulu, amene ankakoka ngolo yake yekhayekha mzinda wonse.

Bulu ankayenda monga adapezera makolo ake akuyendera. Ankayambira kumayadi, kwa akuluakulu. Ankatsegula bini, n'kupezamo kakhoko ka nthochi kamodzi. Ankapita pa bini ina, n'kupezamo mphepo yokha. Pofika kumsika miyendo inkakhala itatha, bini ya kumeneko itasefukira kalekale, ndipo pamwamba pa muluwo pankakhala Khwangwala akupukuta mlomo ngati mwini malo odyera.

"Mwachedwatu lero, a Bulu."

"Ndidachedwa dzana, ndidachedwa dzulo. Lero mukudabwa chiyani?"

"Sindikudabwa, ndikuyamika. Musamathamange, achimwene, mtima ndi umodzi."

Kuchedwa kwa Bulu ndiwo udali munda wa Khwangwala. Mbumba yake yonse adailera ndi kuchedwa komweko, mpaka mwana wa mlongo wake, dzina lake Nasiwelo, adakula nafunsiridwa ndi mnyamata wa kubanja la a Kakowa. A Kakowa ndi mbalame zoyera mbee, zoyenda ngati pansi ponse pali minga. Malume a mnyamatayo atabwera kudzakambirana za chinkhoswe adakana mpando, naima ndi mwendo umodzi kuti winawo usade.

"Ankhoswe anzanga," adatero Kakowa, "pa chinkhoswe cha ife mbalame sitipatsana nkhuku, pa zifukwa zimene tonse tikuzidziwa. Nanga alendo anga mudzawalandira ndi chiyani?"

"Mphutsi," adayankha Khwangwala. "Zonenepa, zoyera ngati suti yanuyo."

Kakowa adameza malovu mobisa, koma pakhosi lalitali chotero palibe chimene chimatsika osaoneka.

"Loweruka lomaliza la mwezi uno," adatero. "Zikadzapanda kupezeka, mnyamata wathu sadzalowa m'banja lodyetsa alendo malonjezo."

Tsono mphutsi sizigulitsidwa pamsika. Zimabadwa zokha pamene zinyalala zagona masiku osasunthidwa. Koma Khwangwala sadade nkhawa, chifukwa Bulu adali asadamukhumudwitsepo pofika msanga.

Sabata yomweyo Mleme adalowa mu ofesi ya Meya ndi nzeru yatsopano. Iyeyu adakhalapo kudenga kwa ofesi ina mumzinda wa anthu, ali chadodolido, ndipo makutu akewo sadataye kanthu.

"Bwana Meya, anthu amaika timakina m'mabini mwawo. Bini ikadzaza, kamakinako kamatumiza uthenga ku ofesi, ndipo galimoto imapita kumene kwadzaza kokhako."

"Timakinato tili nato?"

"Tilibe, bwana. Koma tili ndi nkhululu, ndipo zikungoimba zaulere."

Chisankho chidali pafupi, choncho Meya adavomera Mleme asadamalize n'komwe. M'bini iliyonse adapachikamo nkhululu imodzi, atayimangirira ndi kachingwe kunsi kwa chivundikiro, mapazi ali lende. Zinyalala zikakwera mpaka kukhudza mapaziwo, nkhululuyo inkaimba. Ya m'bini yoyandikana inkalandira nyimboyo n'kuipatsira ina, inayo n'kupatsiranso ina, mpaka nyimboyo ifike m'makutu a Mleme ku ofesi. Mleme ankauza Bulu kopita. M'mawa uliwonse nkhululu iliyonse inkatumizanso kamoni kakafupi, kusonyeza kuti idakalipo. Ndipo padaikidwa lamulo lakuti wodya nkhululu ya khonsolo adzasosoledwa wamoyo pamaso pa mbumba yake.

Nyimboyo idali yaifupi. Inkayamba ndi kutchula malo a bini, kenaka n'kudandaula kuti mimba yakhuta mpaka pakhosi, n'kumaliza ndi kuitana Bulu ndi ngolo yake, mawu omalizawo akukwera ngati a mayi woitana mwana amene wapita kutali kosewera.

Tsiku loyamba lomwelo Bulu adafika kumsika ntchentche zisadakhale n'pansi pomwe. Khwangwala atatera adapeza bini ili gwaa, mkati mukumveka mawu ake omwe.

"A Bulu, mukudwala? Mwafulumira bwanji chonchi?"

"Ndaitanidwa."

"Ndi yani?"

Bulu adaloza chivundikiro ndi khutu, nakoka ngolo yake akuimba mluzu, chinthu chimene adali asadachitepo chiyambire ntchito.

Khwangwala adatukula chivundikirocho ndi mlomo, nasuzumira. Nkhululu wa bini ya kumsika adali lende pa chingwe chake, akupukuta nyanga zake.

"Moni, achemwali."

"Moni. Mlomowo muutalikitse. Ndikudziwa zimene mtundu wanu umachita ndi mtundu wanga."

"Lamulo ndalimva, ndipo nthenga zanga ndimazikonda. Ine ndabwera ngati wokonda nyimbo. Mawu okoma chotere n'kumathera m'bini? Khonsolo imakupatsani chiyani chofewetsa pakhosi?"

"Palibe."

"Ndimadziwa."

Adauluka, nabwerera ndi masese m'kachitsekerero ka botolo. Nkhululu adati angonyowetsa milomo. Adanyowetsa milomo mpaka kachitsekererocho kadauma, kenaka mutu udagwera pachifuwa. Amayi a pamsika adataya masamba a kabichi, makoko a mbatata, matumbo a nsomba. Zinyalala zidakhudza mapazi a Nkhululu, zidafika m'maondo, zidafika m'chiuno, koma m'binimo munkangomveka mkonono. Khwangwala adakhala pachivundikiro ngati thadzi wofungatira mazira.

M'mawa mwake Mleme adamvetsera moni wa mabini onse, nakwinya nkhope.

"A Bulu, kumsika sanandipatse moni."

"Mwina wina wamudya."

"Kaoneni. Mukapeza nthenga pafupi, mubwere nazo."

Bulu adapeza Nkhululu atafunda tsamba la kabichi. Adamugwedeza. Nkhululu asadatsegule n'maso omwe adamva kuti mapazi ake akhudzidwa, ndipo adayamba nyimbo ija ndi mawu osasa a matsire, nadumpha dzina la malo, nabwereza kawiri za kukhuta kwa mimba. Bulu adati poti wafika kale, palibe chifukwa chobwerera ndi ngolo yopanda kanthu. Adakhuthula zonse.

Bulu atapita, Khwangwala adasuzumiranso.

"Achemwali, masese anga aja ndiye mwandibwezera chonchi?"

"Ine sindinama ndipo sindibisa. Mapazi akakhudzidwa ndimaimba, basi."

"Akakhudzidwa ndi chiyani?"

"Sindiyang'ana pansi. Ntchito yoyang'ana sadandilembe."

Khwangwala adapendeketsa mutu, naliyang'ana yankho limenelo ndi diso limodzi, kenaka ndi linalo. Adatembenuka, nazula nthenga yaitali kumchira kwake.

M'mawa wotsatira adaulukira kumayadi. Pa bini iliyonse ankalowetsa nthenga ija pa mpata wa chivundikiro n'kugirigisha mapazi a nkhululu ya m'menemo. Mabini amene chiikireni adali asadaimbepo adayamba kuimba. Nkhululu ina idaiwala pakati pa nyimbo n'kuyambiranso. Ina idatchula malo a bini ya eni ake. Nyimbo zidathamangitsana m'misewu, n'kukaunjikana m'makutu a Mleme zonse pamodzi, ndipo ya kumsika, imene inkanena zoona, idamira pakati pa zinzake.

Bulu adathamangira kwa a Nyalugwe, napezako kafupa kamodzi. Adathamangira kwa a Njobvu, napezako pepala la sopo. Akutseka bini iyi, ina inkayamba kumbuyo kwake. Dzuwa lisadapendeke thovu lidali litatuluka kukamwa.

Mleme adatsinzina, namvetsera nyimbo imodziimodzi. Adaitanitsa Bulu.

"Nyimbo za kumayadizi zili ndi phwete mkati."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Bini yodzaza siseka. Pitani kumene ikudandaula."

Bulu adafika kumsika atakwiya. Adakhuthula bini, adasesa pansi, adatola ngakhale kamutu ka usipa kamene Khwangwala adakaponda ndi phazi kuti kasaoneke.

"Mchira wanu waperewera, a Khwangwala."

"Ndi nyengo yake. Zimathothoka zokha."

"Imodzi yokha, ya pakati?"

"Zimayamba ndi ya pakati."

Madzulo omwewo Meya adayankhula pa chimkuzamawu kuti mzinda wonse umve. Adati pali kamberembere wina wakuda amene akusokoneza chitukuko, ndipo akadzagwidwa, mchira wonse udzatsatira nthenga ija.

Nasiwelo adapeza malume ake atakhala pa bini yopanda kanthu.

"Amalume, mphutsi zili kuti?"

"Zikubwera, mwana wanga."

"Pa ngolo iti? Imene ndikuiona ine imachotsa, sibweretsa."

"Iwe, malume ako adakugonekapo ndi njala?"

"Ayi. Koma mnyamata uja wachapa kale nthenga zake, akungodikira Loweruka. A Kakowa akadzabwerera osadya sadzamulolanso kutera pafupi ndi ine. Ine sindifuna wina, amalume."

Adanena zimenezi motsitsa mawu, akuyang'ana zala zake. Khwangwala adayamba kuwerengetsera. Adali atalephera kumutseka pakamwa woimba. Adali atalepheranso kumupusitsa womvetsera. Chidatsala ndi miyendo ya Bulu. Ndipo Bulu ankamudziwa bwino: adali nyama yoleredwa, yovula chipewa ngakhale podutsa pamanda a achule.

Khwangwala adathyola nthambi zamasamba aawisi, naziyala chopingasa msewu wolowera kumsika. Adayalanso zina pa msewu wotulukira. Palibe mwana mumzindamo amene sankadziwa kuti masamba pamsewu ndiye kuti pagwa zovuta.

Bini idadzaza, Nkhululu adaimba, Mleme adamva, Bulu adanyamuka. Atafika pa masamba aja adaima. Adavula chipewa chake chobooka m'makutu, naweramitsa mutu, natembenuza ngolo pang'onopang'ono kuti mateyala asalire.

"Bwanji mwabwerera?" adafunsa Mleme.

"Kumsika kuli maliro."

"Bini ikuimba."

"Iimbe. Ngolo ya zinyalala pakati pa anamfedwa? Ine adandilera anthu. Akaika, ndipita."

Kumsikako nkhani idayenda mwa mtundu wake. A kumtunda adaganiza kuti zovutazo zagwa kumunsi. A kumunsi adaganiza kuti zagwa kumtunda. Aliyense adachita manyazi kufunsa, poopa kuoneka ngati sakhala bwino ndi anzake. Adangotsitsa mawailesi, namagulitsa monong'ona, ndipo akakumana ankapukusa mitu n'kunena kuti dziko lino si lathu. Zinyalala adapitiriza kutaya. Nkhululu adaimba kudandaula kwake m'mawa, masana ndi madzulo, mawu akunka napyapyala, kuitana kwa kumapeto kuja kukumveka ngati kwa mayi amene wayamba kukayika ngati mwanayo abwera. Bulu ankafika pa masamba, n'kuvula chipewa, n'kubwerera. Masamba akafota, Khwangwala ankaikapo ena.

Lachisanu adagunditsa khutu pa bini. Mkati munkamveka waka waka, ngati mvula ya mawawa padenga la udzu. Adavina pang'ono, atayamba wayang'ana uku ndi uku.

Loweruka m'mawa mbumba ya Khwangwala idasonkhana pozungulira bini kudikira alendo. Nthawi yomweyo ku ofesi Mleme, amene mutu unkamuwawa ndi nyimbo yosatha ija, adakadandaula kwa Meya.

"Bwana, bini ya kumsika yalira sabata yonse. Bulu akuti kuli maliro."

Meya adadzuka pampando mwachangu chimene palibe ankachiyembekezera kwa Mvuu.

"Maliro kumsika, ine osauzidwa? Mwezi wachisankho uno? Tengani ambulera."

A pamsika ataona Meya akudutsa pa masamba, nkhope ili yachisoni kale, adatseka malonda namulondola, mitima itatsika kuti tsopano adziwa kwagwa zovutako. Meya adayang'ana kumtunda, adayang'ana kumunsi, naona banja lathunthu litavala zakuda, litakhala mozungulira. Adalunjika komweko. Pambuyo pake padali nkhuku, abakha, nkhanga, mbuzi, ndipo kumapeto kwenikweni a Kakowa, amene adabwera kudzachita chinkhoswe koma adakumana ndi masamba panjira, akuponda mosamala ndi nkhope zodabwa.

Khwangwala adaona zonse nthawi imodzi. Akanena zoona, asosoledwa, bini n'kukhuthulidwa. Akapanda kunena, okhuza maliro akhala pansi, ndipo pamaliro sathamangitsa wodya. Thadzi wina adali atayamba kale kuzungulira bini, akununkhiza, akunena kuti anamfedwa asavutike ndi kuphika.

Adakokera Nasiwelo kuseri kwa bini.

"Lira."

"Ndilire yani, amalume?"

"Ine."

"Amalume, zimenezo n'zolaula."

"Umamufuna mnyamata uja kapena ayi? Uwauze kuti malemu adasiya mawu atatu. Bokosi lake likhale bini yomwe idamulera. Pasapezeke wotsegula. Akamutule kumtaya, osamukwirira. Yamba ndi mawu aang'ono, uzikweza pang'onopang'ono."

Adatukula chivundikiro, nalowa, natseka. Msana wake udakhudza mapazi a Nkhululu, ndipo nyimbo idayambiranso.

Nasiwelo adalira. Poyamba adalira chifukwa adauzidwa, koma atakweza maso n'kuona mnyamata wake ataima kumbuyo kwa malume ake, nthenga zili mbee, adaganiza za chinkhoswe chimene chinkaonongeka, ndipo misozi yeniyeni idabwera yokha. Adapereka mawu atatu aja akusisima. Mbumba yonse, imene idaona malume akulowa m'bini ndi miyendo yawo, idayang'anizana, kenaka nayonso idayamba kulira, chifukwa idaleredwa ndi Khwangwala ndipo inkadziwa kusafunsa.

Mkati mwa bini Khwangwala adanong'ona.

"Imbani, achemwali. Kwezani ndithu."

"Lero mwaikonda?"

"Ndidaikonda kuyambira kale, ndimangochita manyazi."

"Mukudya mphutsi za alendo."

"Ndikulawa."

"Akandifunsa ndinena kuti muli moyo."

"Chikulembereni ntchito adakufunsanipo chiyani?"

Nkhululu adaganiza. Palibe amene adamufunsapo kanthu, kupatula za mapazi ake. Adapitiriza kuimba.

Kunja Meya adaimirira, nakonza kukhosi. Mleme adali lende kunsi kwa ambulera yake.

"Anamfedwa, amipingo, nonse okhala mumzinda muno. Mtengo waukulu wagwa. Malemu a Khwangwala adali mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo. Tinkadyera mbale imodzi."

Abakha adayang'anizana, poti chimkuzamawu chija adachimva, koma pamaliro satsutsa.

"Adali nzika yokonda ukhondo. Kanthu kakagwa pansi sankakasiya. Ine ndi iwo tinkagwira ntchito imodzi."

Mleme adapendeketsa khutu cha ku bini. Kupatula nyimbo adamvamo mtima ukugunda, ndi mlomo ukugwira ntchito.

"Bwana," adanong'ona, "malemu akutafuna."

"Khalani chete, ndili pakati pa mawu."

"Koma bwana..."

"Mukufuna anthu anene kuti Meya adasiya mawu panjira?"

Mleme adapinda makutu ake. Adaganiza kuti bini yodzaza idapempha ngolo, ndipo ngoloyo ikubwera. Zina zonse sizidali za ofesi yake.

Meya adalira misozi ikuluikulu imene idanyowetsa anapiye a kutsogolo. Adalonjeza kuti khonsolo ipereka ngolo yake kunyamula thupi, ndiponso kuti ngodya imodzi ya kumtaya ikhala ya banja la malemu mpaka kalekale. Amayi adavomereza ndi mitu. Adatumiza mawu kwa Bulu, amene adafika maso ali psuu, atatsuka ngolo n'kuyalamo chitenje cha mkazi wake.

"Ndidawanena za mchira," ankatero Bulu kwa aliyense womuyandikira. "Mawu anga omaliza kwa iwo adali a mchira."

Adakweza bini pangolo, ulendo n'kuyambika. Nkhululu ankaimbabe, ndipo nkhuku za kwaya, posowa nyimbo ina, zidailandira yomweyo n'kuichedwetsa, kudandaula kwa mimba kuja kukumveka ngati kulira kwenikweni, kuitana Bulu kukumveka ngati kuitana wopita kosabwerera. Nkhululu za m'mabini a m'mbali mwa msewu zidailandira monga mwa ntchito yawo n'kuipatsirana, mpaka idakafika ku ofesi kumene kudalibe woimva. Bulu akamva dzina lake m'nyimbomo ankalira kwambiri.

Kumtaya adapeza a Mfuko, adzukulu a mzindawo, atayamba kale kukumba. Nasiwelo adawakumbutsa mawu a malemu. A Mfuko adadandaula kuti akumba chabe, koma adachoka m'dzenjemo. Bulu adamasula chingwe cha Nkhululu, namuika pa chipewa chake, kenaka adapendeketsa bini mwaulemu.

Mudatuluka kabichi wowola, makoko, matumbo a nsomba, ndi mphutsi zoyera zochuluka ngati mpunga wa paukwati. Pamwamba pa zonsezo padagubuduka Khwangwala, nagona chagada, miyendo m'mwamba, maso ali tsinzinu. Adali ataganiza zogona choncho mpaka okhuza onse atabalalika. Koma thadzi uja adasendera pafupi ngati akufuna kuona nkhope ya malemu komaliza, najompha mphutsi imodzi. Adajomphanso ina. Adaitana anapiye ake.

Diso limodzi la malemu lidatseguka.

"Mayi, zimenezo n'za alendo."

Nkhuku zidauluka, ngakhale zimene zidali zisadaulukepo. Abakha adagwerana. A Mfuko adalowa m'dzenje lawo lomwe lija osatulukanso. Meya adaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, ambulera n'kuitaya, mbuzi zikumupatsa njira. Padatsala mbumba ya Khwangwala, Bulu amene adali womangidwa ku ngolo, Mleme amene adagwa pamodzi ndi ambulera, ndi a Kakowa, amene sakadathamanga chifukwa matope akadawathimbirira.

Bulu adayang'ana Khwangwala nthawi yaitali.

"Chitenje cha mkazi wanga," adatero.

"Ndichapa, achimwene. Ndipo za mchira zija ndakhululuka."

Mleme adauluka kukapeza Meya kumene adakabisala, nabwerako ndi uthenga.

"A Meya akuti adalira pamaso pa mzinda wonse, ndipo misozi ya Meya siibwezedwa. Sangakusosoleni, chifukwa sangasosole mnzawo wodyera naye mbale imodzi. Koma mumzinda ndinu malemu. Pa bini ya kumsika musadzakhaleponso."

"Nanga ngodya ija adalonjeza?"

"Adalonjeza pagulu. Ndi yanu."

Khwangwala adatembenuka, naona kwa nthawi yoyamba kumene zinyalala zonse zimene Bulu ankamulanda zinkathera. Moyo wake wonse adali akulondera bini imodzi.

"Ndiye kuti ngoloyi izibwera kuno tsiku ndi tsiku?"

"Bini ikaimba."

"Achemwali," adatero Khwangwala kwa Nkhululu, amene adali pa chipewa cha Bulu mapazi atawakweza m'mwamba kuti apumeko, "mukabwerera kuntchito musamachite ulesi. Mzinda ukhale waukhondo."

Apo Kakowa adakhosomola. Adali ataima ndi mwendo umodzi m'mphepete mwa mulu wa mphutsi, akuyesetsa kuyang'ana kumwamba.

"Ankhoswe anzanga, lonjezo mwasunga, sindikana. Koma pali vuto. Mwambo umafuna nkhoswe yamoyo. Inu mzinda wonse wakuikani lero."

Nasiwelo adayang'ana malume ake. Mnyamata uja adayang'ana pansi.

"Ndikufunseni," adatero Khwangwala. "Banja likavuta, ana amathamangira kwa yani?"

"Kwa nkhoswe."

"Nanga nkhoswe ikamwalira?"

"Amasowa pogwira."

"Ine ndamwalira kale. Zanga zatha, a Meya ndi mboni, nyimbo mwaimba nawo. Inu ndi amene ulendo udakali patsogolo. Tsono tiwafunse anawa kuti pa awirife nkhoswe yodalirika ndi iti?"

Kakowa adatsegula mlomo kuti ayankhe. Nthawi yomweyo mphutsi ina yonenepa idayamba kukwera mwendo umene adaimira. Adaiyang'ana. Adayang'ana abale ake, napeza kuti onse akuyang'ana yomweyo. Adatsitsa khosi lake lalitali, ndipo aliyense adaiona mphutsiyo ikutsika mpaka pansi pa khosilo. Adatsitsanso mwendo wachiwiri uja, nauponda m'matope.

"Nkhaniyi tiimaliza tikatha kudya," adatero.

Mbumba ya Khwangwala idaimba nthungululu, mnyamata adasendera pafupi ndi Nasiwelo, ndipo Bulu, amene adati sakhala nawo, adakhala nawo, chifukwa adaleredwa ndipo pa chinkhoswe sachoka osatsanzika.

Mpaka lero mukapita kumtaya mukapeza akhwangwala ndi akakowa ali pamodzi, akuda ndi oyera, mitu ili pansi. Ana aja adakwatirana, adabereka, ana awo adaberekanso. Nkhani ya nkhoswe yamoyo idakali podikira, chifukwa ngolo imabwera nthawi yake ndipo a Kakowa sadathebe kudya.

Amene adaika mbatata pamoto akaphule, makoko ake akataye m'bini. Ine ndathera pano.